Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu Oyendetsa Chilungamo: Umboni wa M'mafoni ndi M'makamera Ukuyenda Opanda Mbusa

Kwa Olemekezeka Nduna ya za Chitetezo cha M'dziko, Nduna ya za Chilungamo, Mkulu wa Apolisi, Mkulu Wozenga Milandu m'Malo mwa Boma, Mkulu wa Makhothi, ndiponso aphungu a komiti yoona za malamulo ku Nyumba ya Malamulo,

Ndikupatsani moni ndi ulemu wonse woyenera maudindo anu, ndipo ndikukhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino. Ine sindine loya, komanso sindinavalepo yunifolomu ya polisi. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kuika makamera a CCTV m'masitolo ndi m'makomo a anthu, ndipo ndaigwira kwa zaka zoposa khumi. Ntchito imeneyi yandifikitsa ku polisi ndi ku khothi kangapo, nthawi zina ngati mboni, nthawi zina ngati munthu wongoitanidwa kuti adzatsegule makina amene eni ake anaiwala pasiwedi. Zimene ndaona kumeneko ndi zimene zandichititsa kulemba, ndipo ndasankha kulemba poyera chifukwa nkhaniyi ikukhudza aliyense amene ali ndi foni m'thumba.

Ndiloleni ndiyambe ndi zimene zinagwera banja lathu. Sinditchula polisi kapena khothi lake, chifukwa sindikufuna kuti wina aliyense achotsedwe ntchito pa chinthu chimene sanaphunzitsidwe.

Usiku wina akuba anathyola sitolo ya mlamu wanga, namenya mlonda mpaka kumuthyola dzanja. Makamera amene ndinaika ndekha anajambula zonse, ndipo nkhope ya mmodzi mwa akubawo inkaoneka bwino pamene anaima pansi pa getsi la pakhonde. M'mawa mwake kunabwera wapolisi wofufuza milandu, bambo waulemu ndithu, amene anafika pa kabaza wolipira ndi ndalama za m'thumba mwake. Ataonera kanemayo, anatulutsa foni yake n'kujambula sikirini ya makinawo, kenaka anati: “Achimwene, inayo munditumizire pa WhatsApp.” Ndinawauza kuti ndi bwino atenge kanemayo monga momwe alili m'makina, kapena anyamule makina onsewo, koma anayankha kuti alibe fulashi, kuti kompyuta ya ku ofesi kwawo inafa kalekale, ndiponso kuti akanyamula makinawo sadziwa kuti akawasunga pati. Ndinatumiza monga anapemphera. Mwa nzeru zanga ndinakoperanso kanemayo pa fulashi yanga n'kuiika m'dirowa.

Pasanathe masiku awiri kanemayo anali m'magulu a WhatsApp a m'tauni yathu, ndipo mnzanga wina wa ku Johannesburg ananditumizira kundifunsa ngati imeneyo si sitolo yathu. Sindikunena kuti anamwaza ndi wapolisi uja, pakuti mwina anatumizira anzake a ntchito kuti amuthandize kuzindikira wakubayo, ndipo mmodzi mwa iwo anatumiziranso wina. Palibe amene angadziwe, chifukwa palibe pamene zinalembedwa. Chimene chinachitika n'chakuti m'kanema amene wapolisiyo anajambula ndi foni yake munkamveka mawu a mayi wina woyandikana nafe akutchula dzina la mnyamatayo. Abale a mnyamatayo anafika pakhomo pa mayiwo madzulo ena kudzawafunsa ngati amakonda ana awo. Mayiwo analongedza katundu n'kupita kumudzi, ndipo za umboni sanafunenso kumva.

Mlandu utalowa m'khothi patapita miyezi yambiri, loya wa woimbidwa mlandu anafunsa mafunso atatu okha. Anafunsa kuti kanema weniweni ali kuti, anafunsa kuti wadutsa m'manja mwa yani ndi yani, ndipo anafunsa chifukwa chake nthawi yolembedwa pakona ya kanemayo inali kusonyeza cha m'ma 11 koloko usiku pamene mlonda ankanena kuti anamenyedwa cha m'ma 1 koloko. Funso lachitatulo yankho lake ndinali nalo: kabatire kosunga nthawi m'makinawo kanali katatha, ndipo magetsi akathima wotchi yake inkatsalira. Zikanatheka kulemba tsiku loyamba lomwelo kuti wotchi ya makina ikutsalira ndi maola akutiakuti poyerekeza ndi nthawi yeniyeni, koma palibe amene analemba. Mafunso awiri enawo analibe yankho. Wapolisi uja anali atasamutsidwa ndipo foni yake inali itasintha. Makina aja anali atafufuta kale kanema wa usiku umenewo, chifukwa makina otere akadzaza amayamba kujambula pamwamba pa zakale, ndipo athuwo ankasunga za milungu itatu yokha. Fulashi yanga ndinali nayo, koma panalibe wapolisi amene anaisainira, ndipo loyayo ananena kuti ine ndine wachibale wa wodandaula komanso katswiri wa makompyuta, choncho ndikanatha kusintha chilichonse. Sindimuda loya ameneyo, chifukwa ankagwira ntchito yake, ndipo ndikanakhala ine woimbidwa mlandu ndikanafuna loya wofunsa choncho. Mnyamatayo anamasulidwa. Mlonda wathu mpaka lero sanyamula chinthu cholemera ndi dzanja lamanja.

Makolo athu ankati mlandu suola. Ananena zimenezo pa nthawi imene umboni unali m'mitu ya akuluakulu a m'mudzi. Umboni wa masiku ano umaola msanga kuposa matimati, ndipo madandaulo anga akuchokera pamenepo.

Dandaulo loyamba ndi lakuti mafoni a apolisi eni ake asanduka nkhokwe za umboni wa boma. Wapolisi sachita zimenezi mwa mphulupulu, amachita chifukwa sanapatsidwe njira ina, ndipo nthawi zambiri bandulo yake amagula yekha. Koma chithunzi kapena kanema akatumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, pulogalamuyo imamufinya kuti achepe, ndipo pofinyapo nkhope zimachita mbuu, manambala a galimoto sawerengeka, ndiponso zimene kamera imalemba mkati mwa chithunzi, monga tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni imene inajambula, zimachotsedwa. Chimene chimafika ku khothi ndi mthunzi chabe wa umboni. Kuonjezera apo, foni ya munthu ndi foni ya munthu: madzulo amapatsa mwana kuti aseweretse, ikavuta amaisiya kwa wokonza mafoni pamsika, ikatha amaigulitsa, ndipo zambiri zimene zili mmenemo zimadzikopera zokha ku akaunti yake ya Google. Ine amene ndimakonza zinthu zimenezi ndaonapo zithunzi za mitembo ndi mapepala a chipatala a anthu ogwiriridwa m'foni imene inabwera kudzangosinthitsa sikirini.

Dandaulo lachiwiri likukhudza mafoni amene amalandidwa kwa oganiziridwa milandu, ngakhalenso kwa odandaula. Kawirikawiri munthu amangouzidwa kuti “siyani foniyo, tikuitanani,” popanda kapepala kalikonse kosonyeza kuti foni ya mtundu wakuti, ya nambala ya IMEI (nambala yapadera yodziwira foni iliyonse) yakuti, yatengedwa ndi wakuti pa tsiku lakuti. Foniyo imaikidwa m'dirowa ili yoyaka ndipo netiweki ikugwira, moti mauthenga amapitiriza kulowa, ena amadzifufuta okha pa nthawi imene mwini wake anatchera, ndipo munthu amene akudziwa pasiwedi ya akauntiyo akhoza kupukuta foni yonse ali kutali. Wofufuza akaitsegula n'kumayendayenda m'mauthenga ndi chala chake, amasintha zinthu mosadziwa, monga kusonyeza kuti uthenga wawerengedwa pa nthawi imene mwini wake anali m'chitokosi. Ndikupemphaninso mukumbukire kuti kwa Mmalawi wamba foni ndi banki, ndi sitolo, ndi kaundula wa angongole. Mayi wogulitsa kaunjika amene wadandaula kuti wina akumuopseza pa foni, akalandidwa foni yake kwa miyezi inayi, walangidwa iye kuposa womuopsezayo, ndipo anzake akaona zimenezo sapitanso kukadandaula. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo limatchula mwachindunji za kulandidwa katundu ndi kusokonezedwa kwa mauthenga ake. Mlandu ukakhala wa uthenga umodzi, palibe chifukwa choti zithunzi zonse za banja la munthu zionedwe ndi aliyense amene ali pa ntchito tsiku limenelo.

Dandaulo lachitatu ndi kutayikira kwa umboni. Tonse taona m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook zithunzi za masitetimenti olembedwa pamanja, mayina a mboni akuoneka, zithunzi za anthu amene angomangidwa kumene atanyamulitsidwa katundu, komanso mawu ojambulidwa pa nthawi yofunsa mafunso. Woimbidwa mlandu amaweruzidwa ndi dziko lonse asanaonekere n'komwe pamaso pa majisitireti, pamene gawo 42 la malamulo aakulu limati munthu ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Chopweteka koposa ndi pamene wokhudzidwayo ndi mwana. Lamulo loteteza ana la 2010 limafuna kuti mwana amene ali pa mlandu asadziwike kwa anthu, ndipo dziko lino linachita bwino kukhazikitsa ofesi zothandiza ozunzidwa m'mapolisi ndi malo a Chikwanekwane othandizirako ogwiriridwa ndi ozunzidwa m'zipatala. Ntchito yabwino yonseyo imagwa tsiku limene chithunzi chimodzi cha mwanayo chatuluka, pakuti madzi akatayika saoleka. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inatipatsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Anthu akufuna kuona kuti mzimu wa lamulo limeneli wafika mpaka pa kauntala ya polisi.

Dandaulo lachinayi ndi lovuta pang'ono kulifotokoza, chifukwa likuoneka ngati likutsutsana ndi enawo. Pamene umboni wina ukutayika chifukwa chosasamala, umboni wina ukukhulupiriridwa mopitirira muyeso chifukwa chongoti watuluka m'kompyuta. Ndikunena makamaka za mndandanda wa mafoni oimbidwa ndi ndalama zotumizidwa umene makampani a mafoni amapereka. Mndandanda wotere ndi wofunika kwambiri, ndipo ambiri tikukumbukira kuti unali pakati penipeni pa mlandu wa kuomberedwa kwa a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ya boma, mu Seputembala 2013. Koma pepala limenelo limanena za simu khadi ndi nsanja ya netiweki imene inagwira foniyo, silinena kuti foniyo inali m'dzanja la yani, ndipo nsanja imodzi kumudzi imagwira dera lalikulu ndithu. Chiyambire kalembera wa masimu khadi mu 2018, akathyali a mauthenga aja oti “ndalama ija mutumize pa nambala iyi” aphunzira kulembetsa manambala ndi zitupa za anthu ena, moti dzina limene limatuluka pa pepala likhoza kukhala la agogo amene anabwereketsa chitupa chawo poganiza kuti akulembetsa zolandira feteleza.

Maiko amene ali ndi zipangizo kuposa ife anapunthwa kale pa mwala umenewu. Ku Denmark mu 2019 kunapezeka kuti pulogalamu ya apolisi imene inkasanja zochokera ku makampani a mafoni inkadumpha zina ndipo zina zinkalozera nsanja zolakwika. Anayenera kuunikanso milandu yoposa 10,000, anthu 32 anatulutsidwa, ndipo kwa kanthawi analeka kugwiritsa ntchito umboni wa mtundu umenewu. Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi anazengedwa milandu ya kuba ndi yachinyengo chifukwa pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon inkasonyeza kuti ndalama zasowa pamene sizinasowe. Ena anapita kundende, ena anataya nyumba zawo, ndipo zinatengera lamulo lapadera mu 2024 kuti ambiri ayeretsedwe mayina. Ngati zinachitika kumeneko, kumene woimbidwa mlandu akhoza kupeza katswiri wake womuunikira makina, nanga bwanji kuno kumene ambiri amaima m'khothi la majisitireti opanda loya, atangoonetsedwa pepala lodindidwa limene sangathe kuliwerenga?

Dandaulo lachisanu ndi la kagawanidwe ka umboni pakati pa maofesi anu. Mlandu umodzi wa ndalama ukhoza kudutsa ku polisi yoona za chinyengo, ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, ku bungwe lofufuza kayendedwe ka ndalama la FIA, ku ofesi ya wozenga milandu m'malo mwa boma, kenaka ku khothi, ndipo paliponse umboni umasamuka pa fulashi, pa CD kapena pa imelo ya munthu. Fulashi yomweyo imalowa m'makompyuta asanu, imatola mavairasi, ndipo ikafika kumapeto palibe angalumbire kuti zimene zilimo ndi zomwe zija zinalowamo poyamba. Nkhani ya Cashgate inayenera kutiphunzitsa. Kampani ya ku Britain yowerengera ndalama ya Baker Tilly inapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha ya 2013 ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'boma mwachinyengo, ndipo njira imodzi imene inagwiritsidwa ntchito inali yolowetsa malipiro m'makina oyendetsera ndalama za boma a IFMIS, cheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta mapazi ake m'makinamo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo munthu amene ali ndi mphamvu zolowa m'makina komanso zofufuta umboni woti analowamo ndiye khoswe wotere. Tinaonanso mu 2022 nthawi yambiri ikuthera m'khothi pa funso lakuti kodi ACB ikanatha kulandira ndi kugwiritsa ntchito zimene bungwe la ku Britain lofufuza milandu ikuluikulu la National Crime Agency linapeza popanda kudzera kwa mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Mafunso otere amayenera kukhala atayankhidwa kale m'malamulo, umboni usanafike.

Mwina wina anena kuti zonsezi zimafuna ndalama zimene dziko lathu lilibe. Zina zimafunadi ndalama, koma chiyambi chake n'chotchipa moti ndimachita manyazi kuchifotokoza. Pali njira yowerengera chimene ndingachitche chidindo cha fayilo, imene akatswiri amaitcha hash, ndipo mtundu wake wodziwika ndi SHA-256. Mukaika kanema m'pulogalamu imeneyi, imene ndi yaulere ndipo imapezeka kale m'makompyuta ambiri, imatulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64. Wina akadula kamphindi kamodzi m'kanemayo, kapena kusintha kadontho kamodzi kokha, mzere wonsewo umasinthiratu. Tsiku lija m'sitolo ya mlamu wanga, tikanakopera kanemayo pa fulashi yatsopano, n'kuwerengera chidindo chake, n'kuchilemba pa pepala pamodzi ndi kusiyana kwa wotchi, wapolisi n'kusaina, ine n'kusaina, mlamu wanga n'kusaina, kenaka fulashiyo n'kuiika mu envulopu yomata, ntchito yonseyo ikanatenga theka la ola. Patapita chaka, aliyense wokayika akanawerengeranso chidindocho pamaso pa majisitireti n'kuona ngati chikufanana. Foni yolandidwa nayo imangofuna kuichotsa pa netiweki nthawi yomweyo ndi kuiika m'kathumba kotchinga netiweki. Mfundo zimenezi si zachilendo. Apolisi a ku Britain anazilemba kalekale mwachidule: usasinthe zimene wapeza, ngati n'kofunika kukhudza akhudze wodziwa amene angafotokoze chimene wachita, lemba chilichonse kuti wina athe kubwereza n'kupeza zomwezo, ndipo mtsogoleri wa kafukufuku ndiye ayankhe. Palinso muyezo wa dziko lonse wa ISO/IEC 27037 wa 2012 umene umafotokoza za kuzindikira, kutolera ndi kusunga umboni wotere. Lamulo lathu la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta linatsegula kale khomo loti mauthenga a pa makina alandiridwe ngati umboni. Chimene chikusowa ndi malangizo omveka ofika kwa konsitabulo amene ali yekha pa kapolisi ka kumudzi usiku.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha zotsatirazi.

1. Mkulu wa Apolisi atulutse malangizo olembedwa, m'Chingerezi ndi m'zilankhulo zathu, ofotokoza zimene wapolisi woyamba kufika ayenera kuchita akapeza foni, kompyuta, fulashi kapena makina a CCTV, kuphatikizapo kulemba nthawi ya pa makina poyerekeza ndi nthawi yeniyeni, ndi kutenga kanema wa CCTV masiku oyambirira omwewo asanafufutike. Malangizowa amatidwe pa khoma la polisi iliyonse pamene anthu wamba angawerenge.

2. Aliyense wolandidwa chipangizo apatsidwe risiti yosonyeza mtundu wake, nambala yake, tsiku, nambala ya mlandu ndi dzina la wolandayo. Pakhale malire a masiku osungira foni, ndipo kupitirira pamenepo pafunike chilolezo cha majisitireti. Foni ya wodandaula kapena ya mboni ikoperedwe zokhazo zokhudza mlandu, mwini wake akuona, n'kubwezedwa mwamsanga.

3. Kusunga kapena kutumiza umboni pa foni ya wapolisi mwini wake ndi pa imelo yake kuletsedwe. Koma ndikupempha kuti chiletsochi chibwere tsiku limodzi ndi zipangizo zolowa m'malo mwake, monga mafulashi atsopano, maenvulopu omata okhala ndi manambala, ndi kompyuta imodzi yogwira ntchito pa polisi iliyonse yokhala ndi batire kapena sola. Mukaletsa chabe osapereka kanthu, mchitidwewo udzangobisala, ndipo wolangidwa adzakhala wapolisi wamng'ono amene ankayesetsa.

4. Umboni uliwonse wa pa makina ukhale ndi fomu yoyenda nayo kuyambira pamene watoledwa mpaka ku khothi, yosonyeza chidindo chake, amene waulandira, nthawi, ndi chifukwa chake.

5. Boma likhazikitse nkhokwe imodzi yotetezedwa imene apolisi, ACB, FIA, ozenga milandu ndi makhothi azigawirana umboni. Aliyense alowe ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, aone za mlandu wake wokha, ndipo makinawo alembe amene watsegula, wakopera kapena watumiza chilichonse, m'kaundula amene ngakhale woyang'anira makinawo sangafufute. Pano ndichenjeze, chifukwa kuika mazira onse a dziko pamalo amodzi kuli ndi ngozi yake. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a ntchitoyo analowereredwa ndi anthu amene ankafuna dipo. Nkhokwe ya umboni ikhale ndi makope osungidwa m'malo osiyana, makiyi ake akhale m'manja mwa boma la Malawi, ndipo mgwirizano ndi kampani iliyonse yoimanga unene momveka kuti zosungidwazo ndi za Amalawi ndipo zidzabwezedwa zonse mgwirizanowo ukatha.

6. Woimbidwa mlandu apatsidwe kope la umboni wa pa makina umene boma likufuna kugwiritsa ntchito, komanso zimene zapezeka zomukomera, nthawi yokwanira mlandu usanayambe. Bungwe la Legal Aid Bureau, limene limapereka maloya kwa anthu osauka, lipatsidwe ndalama zolembera akatswiri odziimira paokha, ndipo wochokera ku kampani ya mafoni azibwera kudzafotokoza malire a zimene mapepala awo angasonyeze. Pa zithunzi za ana ndi za ogwiriridwa, loya azikaonera pamalo otetezedwa osatenga kope.

7. Umboni ukatayikira kwa anthu, pachitike kafukufuku, ndipo wokhudzidwayo auzidwe zotsatira zake. Bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la 2010, lipatsidwe mphamvu ndi luso loona kaundula wa makina ndatchula uja. Chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo ilandire lipoti la chiwerengero cha zipangizo zolandidwa, zobwezedwa ndi zosowa.

8. Maphunziro a zimenezi alowe m'sukulu zophunzitsa apolisi, ndipo afikenso kwa ozenga milandu, amajisitireti ndi akalaliki a makhothi, chifukwa envulopu yomata bwino ku polisi ikhoza kudzatsegulidwa mosasamala m'chipinda chosungira katundu wa umboni ku khothi. Masukulu athu a ukachenjede akutulutsa achinyamata odziwa makompyuta chaka ndi chaka, ambiri a iwo akungokhala, ndipo ena mwa iwo akhoza kulembedwa ntchito imeneyi m'zigawo zonse za dziko, kuti foni yolandidwa ku Chitipa kapena ku Nsanje isamadikire miyezi pa mzere wa ku likulu.

Kwa aphungu, ndikupempha kuti pounika malamulo a kazengedwe ka milandu ndi umboni muikemo momveka za nthawi imene makampani a mafoni ndi mabanki ayenera kusunga zolembedwa zawo, nthawi imene ayenera kuyankha akalandira chikalata cha khothi, njira yolandirira umboni wochokera kunja, ndi tsiku limene zinsinsi za munthu amene wapezeka wosalakwa ziyenera kufufutidwa m'makina a boma. Pochita zimenezi muitane maloya, atolankhani ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu kuti anenepo, popeza mphamvu zotsegula foni ya mbava ndi zomwezo zotsegulira foni ya mtolankhani, ndipo anthu sadzakhulupirira nkhokwe ya umboni imene akuiganizira kuti ndi khutu la boma.

Kwa Amalawi anzanga amene mukuwerenga kalata ino, kanema wa mlandu akakufikani pa foni, dziwani kuti mwina muli mawu a mayi ngati woyandikana nafe uja, ndipo musamutumize kwina. Mukakhala ndi makamera pamalo anu, onani wotchi yake lero, ndipo zikakugwerani pemphani kuti wotenga kanemayo asaine.

Olemekezeka, fulashi ija ikadali m'dirowa mwanga, ndipo nkhope ya mnyamata uja ikuonekabe bwinobwino pansi pa getsi la pakhonde. Ngati ofesi iliyonse mwa zanu ingafune kuti ndidzasonyeze momwe chidindo cha fayilo chimawerengedwera ndi momwe envulopu imamatidwira, ndidzabwera ndi kompyuta yanga, ndipo thiransipoti ndidzalipira ndekha.

Ine wanu mwaulemu,

Mmalawi wokonza makompyuta ndi kuika makamera